Dongo Limene Ndinaphika Ndekha

Nditabwera kutchuthi m'chaka chachiwiri cha maphunziro anga akunja, a malume anandifunsa ntchito imene ndinkagwira kumeneko. Tinali pakhonde, iwo akusoka mphasa. Ndinawauza kuti ndimapanga dongo. Anasiya kusoka kuja n'kundiyang'ana.

"Dongo lake liti, mphwanga?"

"Longa lakudambo lomweli, malume, koma lophikira m'nyumba, mumphika wachitsulo."

"Kani kumeneko dothi linawathera?"

Sankaseka ayi. Linali funso la munthu amene moyo wake wonse wakhala akuponda matope oumbira njerwa, kumata nkhokwe ndi kupala dongo lokanirira kukhasu. Kwa iwo dongo silisowa, ndipo munthu wokwera ndege kukapanga chinthu chosasowa ayenera kufotokoza bwino. Tsiku limenelo ndinangoti kakasi, zimene ndinayankha n'zosagwira mtima. Papita zaka tsopano, koma funso lija silinandichoke.

Ndikanadziwa, ndikanayambira pa mphasa imene inali pamiyendo pawo. Kale anthu asayansi ankaganiza kuti dongo ndi phala chabe la miyala yofumbutuka, lopanda dongosolo lililonse. Mu 1930 Hendricks ndi Fry ku America anaonetsa pogwiritsa ntchito X-ray kuti maatomu a m'dongo ndi oyalidwa mwadongosolo, ndipo chaka chomwecho Linus Pauling anafotokoza kayalidwe kake. Dongo ndi timphasa tosanjikizana. Mphasa ina ndi ya silikoni ndi okosijeni. Ina ndi ya aluminiyamu kapena magineziyamu, yozingidwa ndi okosijeni amene ena a iwo agwira haidrojeni. Dongo loyera la kaolinite, limene dzina lake linachokera ku phiri la Gaoling pafupi ndi Jingdezhen ku China, limatenga mphasa imodzi ya mtundu woyamba ndi imodzi ya mtundu wachiwiri, n'kumabwereza choncho. Montmorillonite, lotchedwa dzina la tauni ya Montmorillon ku France, limaika mphasa ya aluminiyamu pakati pa ziwiri za silikoni. Mulu umodzi wa mphasa zitatuzi ndi wopyapyala kwakuti pamafunika milu yotere pafupifupi miliyoni imodzi kuti ikwane milimita imodzi.

Kusiyana kumeneku mlimi amakudziwa ndi mapazi ake. Pakati pa milu ya montmorillonite madzi amalowa, dongo n'kufufuma, ndipo akatuluka limafota. N'chifukwa chake makande a kuchigwa cha Shire amang'aluka mu Okutobala, ming'alu yoti phazi n'kulowa, ndipo mvula ikagwa amasanduka ulimbo. Kaolinite salola madzi kulowa pakati pake, choncho dothi la katondo, lokhala ndi kaolinite wambiri, silichita zimenezo.

X-ray imaonetsa bwino mtunda wapakati pa mphasa ndi mphasa. Imavutika kuona haidrojeni, atomu yopepuka kuposa onse, ndipo imavutikanso kusiyanitsa aluminiyamu, magineziyamu ndi silikoni, poti atatuwa ndi oyandikana msinkhu. Koma khalidwe la dongo, kaya lisunga chakudya cha mbewu kapena lichitaya, kaya lifufuma kapena ayi, lagona pa funso lakuti atomu iti yakhala pafupi ndi iti. Pamenepa maso amalephera, ndiye timatembenukira ku kumvetsera.

Aliyense amene anachezerapo pabwalo la gule anaonapo oimba ng'oma akuchita zinthu ziwiri. Ng'oma ikafooka amaiwamba pamoto kuti chikopa chikungike, liwu n'kukwera. Akafuna liwu lakuya amamata phula pakati pa chikopa, ndipo kulemera kwa phulalo kumatsitsa liwu. Kukungika kumakweza, kulemera kumatsitsa. Lamulo limeneli ndi lomwelo limene maatomu amatsata. Maatomu awiri ogwirana sakhala duu, amanjenjemera nthawi zonse, kutalikirana ndi kuyandikirana, ndipo liwiro la kunjenjemerako limadalira kulimba kwa mgwirizano wawo ndi kulemera kwawo. Haidrojeni wogwira okosijeni m'dongo amanjenjemera koposa ka 100 thililiyoni pa sekondi imodzi. Khutu silingamve zimenezo, koma kuwala kumatha. Kuwala kwa infrared, kumene William Herschel anakutulukira mu 1800 ataona kuti chipangizo chake choyezera kutentha chikukwera kunja kwa mtundu wofiira wa utawaleza wochokera m'galasi, kuli ndi mafunde a liwiro lomwelo. Mukakuwalitsa pa dongo, funde lililonse logwirizana ndi kunjenjemera kwa maatomu ena ake limamezedwa, ena onse n'kudutsa. Makina amalemba mafunde omezedwawo ngati mzere wokhala ndi nsonga, umene amautcha spectrum, ndipo nsonga iliyonse ili ndi nambala yake, yowerenga mafunde okwana mu sentimita imodzi. Ilipo njira inanso, ya C. V. Raman, imene anaitulukira ku Calcutta mu 1928 n'kulandira nayo mphoto ya Nobel mu 1930. Iyo imayang'ana kuwala kochepa kumene kumabwerera kuchokera pa chinthu kutasintha mtundu pang'ono. Njira ziwirizi zimathandizana, poti kunjenjemera kwina kumene imodzi siikumva bwino inzake imakumva.

Ntchito ya tsiku ndi tsiku ya infrared ndi ya manja, ndipo ndinkaikonda. Umayeza mamiligalamu 2 a dongo, kapena ochepera apo, n'kuwasakaniza ndi mamiligalamu 200 a mchere wa KBr umene sutchinga infrared. Umasinja mukamtondo ka mwala wa agate mosafulumira, chifukwa ukasinja mwaukali umaswa timphasa tija, liwu lake n'kusintha. Kenaka umapanikiza ufawo ndi mphamvu ya matani pafupifupi 10 mpaka utasanduka kambale koonekera ngati mamba a chambo. Kambaleko kamagona mu uvuni usiku wonse pa madigiri 150 kuti chinyezi chichoke, apo ayi madzi amatukula chulu chachikulu pafupi ndi 3400 chimene chimakwirira nsonga zing'onozing'ono zoyandikana nacho.

Tsiku limene ndinaona koyamba spectrum ya kaolinite wabwino sindidzaliiwala. Kudera la haidrojeni kunali nsonga zinayi zoima bwinobwino: 3695, 3669, 3652 ndi 3620. Aphunzitsi anga anandifunsa kuti iliyonse mwini wake ndani. Ndinatchula zimene ndinaloweza m'buku. Iwo anafunsanso kuti olemba bukuwo anadziwa bwanji. Apo m'pamene ndinayamba kuphunzira. Mu 1964 Ledoux ndi White anatsegula mipata yapakati pa milu ya kaolinite ndi mankhwala, n'kulowetsamo madzi olemera, amene haidrojeni wake ndi deuterium, wolemera kuwirikiza kawiri. Anamata phula pang'oma. Nsonga zapamwamba zija zinafooka n'kukatulukira pafupi ndi 2700, koma ya 3620 inangofooka pang'ono. Tanthauzo lake linali loonekeratu: mwini wa 3620 ndi haidrojeni wobisika mkati mwa mphasa, kumene madzi olemerawo anavutika kufika, pamene enawo ali pamwamba, moyang'anana ndi mulu wotsatira. Chaka chomwecho V. C. Farmer ndi J. D. Russell a ku Macaulay Institute ku Aberdeen anafalitsa kafukufuku wawo wa ma spectrum a miyala yosanjikizanayi, ndipo mu 1974 Farmer anakonza buku la The Infrared Spectra of Minerals, limene pa shelefu ya labotale yathu linali lothothoka chikuto chifukwa chogwidwagwidwa.

Kaolinite ndi wofatsa, sasakaniza zambiri. Vuto limayamba ndi dongo lofufuma lija. Pamalo pamene payenera kukhala aluminiyamu, chilengedwe chimaikapo magineziyamu apa, ayironi apo, ndipo mumtanda womwewo mumakhala mchenga, dzimbiri ndi zotsalira za mizu yowola. Spectrum yake imakhala ngati phokoso la msika wa Lizulu tsiku lamsika: aliyense akulankhula, ndipo mawu akulowana. Uona kaphewa pafupi ndi 880 ndi kena pafupi ndi 840, pambali pa nsonga ya 915. Kaphewa kameneka n'ka ayironi, kapena magineziyamu, kapena kanthu kena kongolowerera? Ukangoyerekeza zitsanzo zakutchire zokhazokha sungatsimikize, chifukwa chitsanzo chilichonse chimasiyana ndi chinzake m'zinthu zisanu nthawi imodzi. Ndi Raman zimafika poipa, chifukwa tizitsotso ta m'dongo lakutchire timanyezimira tokha pansi pa kuwala kwa laser kumene njirayi imagwiritsa ntchito n'kuphimba zonse.

Yankho la funso la a malume lili pamenepa. Timaphika dongo kuti tisinthe chinthu chimodzi chokha, zina zonse zili chikhalire. Mwana amene akuphunzira ng'oma samuyambira pagule, pamene zonse zikulira pamodzi. Amamupatsa imodzi, aidziwe liwu lake, kenaka inzake.

Kaphikidwe kake n'kosavuta kufotokoza koma n'kofuna mtima wodekha. Umasungunula silikoni ndi mchere wa chitsulo chimene ukufuna, mwa muyezo umene wawerengera, n'kuzisakaniza mpaka zitagwirana ngati phala la chinangwa. Phalalo umalitsuka, n'kuliika ndi madzi mumphika wachitsulo wokhuthala, wotseka zolimba kuti nthunzi isatuluke. Limakhala mu uvuni pa madigiri 200 kapena kuposa, masiku kapena milungu. Palibe chovundukula kuti uone ngati lapsa. Chimene nthaka imachita pang'onopang'ono pa zaka zikwizikwi, iwe ukuchikakamiza kuti chichitike mwezi usanathe. Akatswiri a ku Poitiers ku France, monga Alain Decarreau ndi Sabine Petit, athera zaka zambiri pa ntchito imeneyi, ndipo Jana Madejová wa ku Bratislava wathera zake pa kuwerenga nsonga zake. Mayina awo samveka pawailesi, koma aliyense woyeza dongo amadalira zimene iwo anapeza.

Ine ndinayambira pa talc, mwala wofewa uja wopangira paudala. Anandiuza kuti ndibwereze zimene Wilkins ndi Ito anachita mu 1967, ndipo poyamba zinandiwawa, poti ndinkafuna zatsopano. Mu talc haidrojeni aliyense amakhala pa okosijeni amene watsamira maatomu atatu a magineziyamu, ngati mphika pa mafuwa. Mafuwa onse atatu akakhala a magineziyamu, nsonga imakhala imodzi, yakuthwa, pa 3676. Ndinaphika miphika ingapo, uliwonse ndikuchotsa magineziyamu pang'ono n'kuikamo nikelo. Ufa unkatuluka wobiriwira moonjezereka mphika ndi mphika. Ndipo pa kompyuta nsonga imodzi ija inabala zinzake. Fuwa limodzi likakhala la nikelo, liwu linkatsika kufika cha pa 3662. Awiri akakhala a nikelo, cha pa 3646. Onse atatu, cha pa 3627. Mumphika wa theka ndi theka nsonga zonse zinayi zinaima pamodzi, ziwiri zapakati zazitali, ziwiri zam'mbali zazifupi. Masamu amati ngati maatomu akhala mwachisawawa, osasankhana, kukula kwa nsongazo kuyenera kukhala 1, 3, 3 ndi 1. Zanga zinayandikira pamenepo.

Ndinakhala pampando nthawi yaitali madzulo amenewo, kunja kutada kale, chipale chikugwa. Palibe amene anaonapo maatomu atatu amenewo ndi maso. Koma ndinali nditawaikamo ndekha, ndinkadziwa kuchuluka kwawo, ndipo haidrojeni anandiuza anansi ake mosaphonya. Kuyambira tsiku limenelo nambala za m'buku lothothoka lija zinasiya kukhala zoloweza. Ndinadziwa kuti kuseri kwa iliyonse kuli munthu amene anadikira mphika wake milungu, ndipo ndinasiya kuipeputsa ntchito yobwereza.

Makina amenewa sakondera mwini dongo, ndipo ndinaziona pamene ndinasamukira ku mtundu wina, wa hydrotalcite. Mwala umenewu unapezeka koyamba ku Norway mu 1842, ndipo masiku ano amaupanga m'mafakitale, mwa zina ngati mankhwala a kutentha pamtima. Ndi dongo lotembenuzika: mphasa zake zimakoka tinthu ta mphamvu yosiyana ndi timene dongo wamba limakoka, monga nitrate, chloride ndi carbonate. N'chifukwa chake ambiri amalifufuza ngati chosefera madzi oipa. Ndinkafuna lokhala ndi chloride yekha pakati. Katatu konse ndinaphika, ndipo katatu konse panatuluka nsonga yamphamvu pafupi ndi 1360, imene sindinaiitane. Ndinakayikira mchere wa KBr, ndinakayikira makina. Mayi wina wachikulire amene ankasamala zipangizo za m'labotalemo anayang'ana pepala langa kanthawi kochepa.

"Madzi anuwa munawawiritsa?"

"Ayi mayi, ndi osefa kale, oyera."

"Oyera inde, koma apuma mpweya wa m'chipinda chino. Inunso mumapumira pomwepo mukamatakasa."

Inali carbonate. Mpweya umene timatulutsa popuma unkasungunuka m'madzi anga, ndipo dongolo limaukonda kuposa chloride. Ndinayenera kuwiritsa madzi, kuwaziziritsa otseka, ndi kutakasa pansi pa mpweya wa nayitirojeni. Mwezi wathunthu unapita. Sindiudandaula mwezi umenewo, chifukwa ndikanadalira zimene ndinathira m'botolo osafunsa dongolo, ndikanalemba bodza ndi mtima woyera.

Pali chenjezo limene ndimalimva kwambiri ndikamakula. Dongo lophika si dongo lakudambo. Timphasa take timakhala tating'ono, m'mphepete mwake muli mochuluka, ndipo nthawi zina maatomu ake amakhala mosiyana ndi mmene akanakhalira pa zaka zikwi. Chitsanzo chodziwika ndi Laponite, amene kampani ya Laporte ku Britain inayamba kupanga m'zaka za m'ma 1960 potsanzira hectorite wa ku Hector ku California. Timbale take ndi ta ma nanometre pafupifupi 25 m'lifupi ndi 1 kuchindikala, ndipo pang'ono chabe m'madzi amapanga phala loonekera ngati galasi. Amalowa mu penti ndi mu mankhwala otsukira mano. Ndi chinthu chabwino, koma amene waphunzira Laponite yekha n'kumati wadziwa nthaka akudzinamiza. Ndaonapo anzanga ena atakopeka ndi ukhondo wa nsonga za dongo lophika mpaka kuyamba kuona dongo lenileni ngati lodetsedwa. Ine ndimakana. Lophikalo ndi lotiphunzitsa kumva, ndipo tikamva tiyenera kubwerera kumsika kuja kumene mawu akulowana.

Kumene luso limeneli lafika n'kodabwitsa. Mu 2005 gulu la Jean-Pierre Bibring ndi François Poulet linalengeza kuti chipangizo cha OMEGA, chokwera pa chombo cha Mars Express, chapeza dongo pa Mars, ku Mawrth Vallis ndi ku Nili Fossae. Palibe amene anatapa dothi kumeneko. Anangoyeza kuwala kwa dzuwa kobwerera kuchokera pamiyala, n'kuona pamene pamezedwa: pa ma micrometre 1.9 pali madzi, pa 2.2 haidrojeni wotsamira aluminiyamu, pafupi ndi 2.3 wotsamira ayironi kapena magineziyamu. Dongo silibadwa popanda madzi okhalitsa pamwala, choncho nsonga zimenezo zinali umboni wakuti Mars inali yonyowa kalekale. Mu 2013 galimoto ya Curiosity inaboola mwala ku Yellowknife Bay, mu chigwa cha Gale, n'kupezamodi dongo lofufuma pogwiritsa ntchito X-ray. Ndipo dongo looneka kuchokera kumwamba linali chimodzi mwa zifukwa zimene galimoto ina, ya Perseverance, inakatera ku Jezero mu 2021. Anthu amaombera m'manja zombozo, ndipo n'koyenera. Ine ndikamva nkhani zimenezi ndimakumbukira miphika yachitsulo ija, chifukwa nambala ya 2.3 ikanakhala yopanda tanthauzo pakanapanda wina kuyeza pansi pano dongo lodziwika bwino zamkati mwake, lakutchire ndi lophika lomwe.

Komabe mtima wanga suli ku Mars. Ku Nairobi, labotale ya ICRAF yakhala ikuyeza zitsanzo zambirimbiri za dothi la mu Africa ndi infrared, chifukwa njirayi ndi yachangu, siidya mankhwala ambiri, ndipo kadothi kodzaza kasupuni n'kokwanira. Amayerekeza spectrum ndi zotsatira za kuyeza kwa masiku onse, kompyuta n'kuphunzira kulosera chonde cha dothi. Ndi ntchito yothandiza. Chimene chimandidetsa nkhawa n'chakuti n'kosavuta kulandira nambala kuchokera ku kompyuta popanda mmodzi mwa ife wodziwa chifukwa chake nsonga ili pamene ilipo. Tsiku limene dothi lachilendo lidzasokoneze kompyutayo, padzafunika munthu wonga mayi uja, woyang'ana pepala n'kufunsa ngati madzi anawiritsidwa.

Ngakhale amayi oumba mbiya ali m'nkhani yomweyi. Kaolinite akatenthedwa kupitirira madigiri 500, haidrojeni uja amachoka ngati nthunzi, nsonga zinayi zija zimafafanizika, ndipo dongolo silibwereranso kukhala matope ngakhale ligone m'madzi. Mtsuko wosapsa bwino umasungunuka chifukwa haidrojeniyo akadalimo. Woumba amagogoda ndi chala n'kumvetsera, ndipo makina athu angathe kumuuza malo a ng'anjo yake amene moto sunafike.

Inu amene mukuphunzira chemistry kapena za nthaka ku Zomba, ku Bunda, ku Mzuzu kapena ku Thyolo, ngati pasukulu panu pali makina a infrared, musawasiyire mankhwala a m'mabotolo okha. Katapeni makande a ku Chikwawa, dothi la katondo la ku Lilongwe ndi dongo loumbira la ku Linthipe. Sinjani mofatsa, umitsani kambale kanu usiku wonse, ndipo lembani nsonga iliyonse pamodzi ndi malo amene dothilo lachokera. Mukakumana ndi nsonga yosadziwika mwini wake, phikani dongo lanu, musinthe atomu imodzi yokha, muwiritse madzi, ndipo mudikire mphikawo mpaka milungu yake itakwana.